Mayi Aleida Brinkhuis, Amene Ankazimitsa Hita Chifukwa cha Gamba

Malemu mayi Aleida Brinkhuis, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Malichi 1946 ku Zutphen, m'banja la bambo Gerrit ndi mayi Hendrika Oosterink. Anali achiwiri mwa ana anayi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine Harmen, mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Ndikuona ena mwa inu mukunjenjemera n'kumayang'ana hita ya m'tchalitchi muno. Sinafe ayi. Tachita kuizimitsa dala, ndipo ndisanakhale pansi mukhala mutadziwa chifukwa chake.

Malemu anayamba sukulu ku Zutphen komweko mu 1952. Mu 1964 anapita ku Den Haag kukaphunzira nyimbo, bambo athu akung'ung'udza kuti nyimbo sizikhutitsa munthu. Kumeneko ndi kumene anakakumana ndi gamba, choimbira chonga vayolini yaikulu chimene munthu amachipana ndi miyendo n'kumachiliza ndi uta. Nsambo zake n'za matumbo a nkhosa, osati za waya, ndipo gambayo sikuwa. Imalankhula motsitsa ngati munthu amene mwakhala naye patebulo. Mu 1970 aphunzitsi awo, mayi Van Lingen, popuma ntchito anawasiyira gamba yawo yopangidwa mu 1697. Anawapatsanso lamulo limodzi lokha: iziimbidwa, isamagone m'bokosi.

Pa 12 Meyi 1972 anamanga banja ndi malemu bambo Wessel Brinkhuis, mmisiri wokonza zoimbira zakale, ndipo anadzakhala kuno ku Deventer. Mulungu anawapatsa ana awiri, Joost mu 1973 ndi Femke mu 1976.

Pa 5 Okutobala 1974 malemu anayambitsa chinthu chimene ambiri a inu munawadziwira. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira Okutobala mpaka Epulo, 3 koloko masana, pabalaza pawo pankaikidwa mipando makumi atatu ndi iwiri. Oimba ankakhala atatu kapena anayi, ndi gamba, limba la nsambo ndi chitoliro cha mtengo, akuimba nyimbo za Baroki, zija za m'ma 1600 ndi 1700. Tinkakhala mothithikana moti kupuma kwa woimba unkachita kukumva. Hita ankaizimitsa kudakali tsiku lathunthu, chifukwa mpweya wotentha umaumitsa thabwa lakale ndipo nsambo za matumbo zimasokonekera. Aliyense ankabwera ndi bulangeti lake, ndipo pomaliza tinkadzitenthetsa ndi supu wa nsawawa wokhala ndi soseji. Mlendo wina wa ku Amsterdam atadandaula za kuzizira, malemu anamuyankha kuti, "Bambo, inu muli ndi jekete. Gamba iyi ikukwanitsa zaka mazana atatu koma ilibe ndi sikafu yomwe. Khalani pansi." Bamboyo anakhala pansi, ndipo anapitiriza kubwera kwa zaka khumi ndi zisanu.

Malemu anaphunzitsanso anthu ambiri, ndipo amene munadutsa m'manja mwawo mundichitira umboni. Munthu amene akumuona kuti afika patali ankamudzudzula mosapsatira mawu, mpaka thukuta kutuluka m'chipinda chozizira chija. Koma munthu akamutaya, ankangomwetulira n'kunena kuti, "Mwaimba bwino." Ophunzira awo ankawaopa mawu awiri amenewa kuposa kukalipiridwa. Ine ndinawamva ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo n'chifukwa chake ndinakakhala wokonza njinga.

Pabwalo ngati pano ena amabisa zopweteka, koma banja landituma kuti ndinene zonse. Mu Juni 1998 Femke, amene ankaimba gamba kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anali ndi mayeso ake omaliza a kusukulu ya nyimbo m'holo yaikulu. Amayi ake anamubwereka gamba yakale ija. Mwanayo ankaopa kuti okhala kumbuyo samumva, choncho mwakachetechete anachotsa nsambo za matumbo n'kukungapo za waya. Waya amakoka mwamphamvu, ndipo thabwa la mu 1697 silinapangidwire zimenezo. Kutatsala tsiku limodzi mayeso asanachitike, gamba inang'aluka pamimba.

Achemwali anga sanakuwe. Akanakuwa bwenzi nkhani itatha sabata yomweyo. Alamu anga a Wessel anakhala nyengo yonse yozizira akumata mng'aluwo pang'onopang'ono mpaka gamba inalankhulanso. Tsiku limene anamaliza, ine ndili pomwepo, anati, "Aleida, thabwa lija lagwirana. Nanga awirinu ndikumateni ndi chiyani?" Malemu anangoti, "Supu akuzizira, Wessel." Femke anasiya gamba n'kupita ku Rotterdam kukaimba chelo, choimbira chofananako ndi gamba koma cha nsambo za waya, m'gulu lalikulu. Akawaitana, amayi ake ankapita, n'kukhala mpando wapakati, ndipo pamapeto ankamupsompsona n'kunena kuti, "Waimba bwino, mwanangu." Ananena mawu amenewa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Make mbuu, mwana mbuu: panalibe wofuna kuyamba kugonja, ndipo tonse m'banja zinkatiwawa.

Bambo Wessel anatisiya mu Novembala 2015. Mu 2021 nyamakazi inapinda zala za malemu moti uta sankathanso kuugwira. Mipando ija inasanjikizidwa pakona, gamba inalowa m'bokosi. Mu 2023 anapezekanso ndi matenda a mtima. Bedi lawo tinalitsitsira pabalaza, ndipo adokotala analamula kuti chipindacho chizikhala chotentha nthawi zonse. Gamba tinaisamutsira m'kachipinda kozizira ka kuseri.

Chaka chomwecho nyumba ina yosungiramo zinthu zakale inapempha gambayo. Kumeneko ikanasamalidwa bwino mkati mwa galasi, koma sikanaimbidwanso. Joost, pofuna zabwino, anawalimbikitsa kuti avomere, ndipo anavomera. Ankadziwa kuti akuphwanya lamulo la aphunzitsi awo, ndipo zinkawadya mumtima. Galimoto yodzaitenga inayenera kubwera Lolemba pa 4 Disembala.

Loweruka pa 2 Disembala masana Femke anatulukira atanyamula kathumba ka nsambo zatsopano za matumbo. Sitinkadziwa kuti chimwalirireni bambo ake wakhala akuphunziranso gamba mobisa, pa yobwereka. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti, "Amayi, ndiloleni ndiiimbe kamodzi kokha isanapite. Mukakana ndimvetsa." Malemu anatembenukira kwa ine. "Harmen, zimitsa hita." Ndinayesa kuwakumbutsa za adokotala, koma anandidula pakamwa. "Adokotalawo saimba gamba. Ine ndili ndi mabulangeti atatu. Zimitsa, iwe."

Tinadikira maola awiri kuti chipinda chizizire, Femke akukunga nsambo imodziimodzi. Kenako anaimba nyimbo yodekha imene amayi ake ankatsekera nayo Loweruka lililonse. Ine ndi Joost tinaima pakhomo mitima ili m'mwamba, chifukwa tinkadziwa mawu awiri amene akanatha kutuluka. Nyimbo inatha. Ndiye malemu anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Nsambo yachitatu yatsika, ndipo utawo ukuukankha ngati ukucheka nkhuni. Yambiranso." Femke analira ngati kamwana, ndipo inenso sindikubisa, ndinalira. Anamubwerezetsa kanayi. Lolemba m'mamawa Joost yemweyo ndi amene anaimba foni kuti galimoto ija isavutike.

Pa 6 Januwale ndi pa 3 Febuluwale chaka chino mipando makumi atatu ndi iwiri inadzazanso. Femke anali pagamba, amayi ake ali pabedi atavala jekete ndi chipewa, akuwerenga zolakwa ndi zala zawo zopindikazo. Chimwemwe chimene chinali pankhope pawo ndinali nditachiiwala. Malemu anatisiya Lolemba pa 19 Febuluwale 2024 masana, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 77. Kwa amene mukulingalira za kuzizira kuja, adokotala atitsimikizira kuti si kumene kunawatenga, mtima unangotopa.

Malemu asiya ana awiri, Joost ndi Femke, mpongozi wawo mayi Annelies, zidzukulu zitatu, Tijmen, Lotte ndi Sybren, mng'ono wawo mayi Jacoba, ndi ine mlongo wawo. Banja likuthokoza adokotala ndi anamwino amene ankabwera kunyumba n'kumapirira zonena zawo, mayi Dekkinga oyandikana nawo amene ankaphika supu manja a malemu atakana, abusa ndi akuluakulu a mpingo uno amene alola kuzimitsa hita kuyambira dzulo, komanso nonse amene munakhalapo pamipando ija mutafunda mabulangeti. Pochoka kumanda tonse tikapezane kunyumba, supu alipo wokwanira.

Tsopano Femke atiimbira pa gamba ija. Wakhala akuichuna kuyambira m'mawa, ndipo akafuna kuichunanso mudikire, musatsokomole. Pempho langa ndi limodzi: mukakumana naye pakhomo mugwireni dzanja, mukumbatireni, koma chonde pasapezeke womuuza kuti waimba bwino.

Achemwali Aleida, hita tazimitsa, ndipo gamba sinagone m'bokosi, ili m'manja mwa mwana wanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.