Lolemba Ndione Phazi Lako

Pasiteji ya basi, bambo wina ankasisita bondo pamene payambira mwendo wake woikirira. Mayi amene anakhala naye pabenchi anamufunsa ngati ukupweteka.

"Ukupweteka ndi mtima, mayi. Chilonda chapabondopa chikatukusira, mwendowu sulowa, ndiye ndimajomba kuntchito. Dzulo abwana anandipatsa chenjezo lomaliza."

"Simunawafotokozere?"

"Ndinatero. Akuti, 'Mwendo wapulasitiki umadwala bwanji? Lolemba ndione phazi lako pano, apo ayi ntchito yatha.'"

"Kalanga ine! Ndiye mutani, poti bondo latupa chonchi?"

Bamboyo anagogoda mwendowo ndi chala, osaseka n'komwe.

"Akufuna phazi, eti? Ndapangana kale ndi kondakitala. Lolemba ine ndili kuchipatala, phazilo lilawirira lokha. Likafikanso msanga kuposa iwowo."