Sipureyi ya Galu

Pa siteji ya basi ku Hamilton, mayi wina atamva mnzake akulankhula Chichewa pa foni, anamusonyeza kachitini.

"Ndagula sipureyi ya tsabola, achemwali. Wakuba anandilanda chikwama pompano mwezi watha."

"Akugulitsani bwanji? Kuno ndi yoletsedwa."

"Yoletsedwa ndi ya anthu. Nditanena kuti ndikufuna ya wakuba, kusitolo anandikaniza. M'mawa mwake ndinati ndi ya galu, anandifunsa ngati ndikufuna ziwiri."

"Ndiye mukapopera munthu?"

"Akuti apolisi akhoza kumanga ine."

"Nanga wakuba uja akabweranso mutani?"

"Ndidzamupempha mwaulemu kuti ayambe wauwa. Inuyo mumakwera basi pano tsiku lililonse?"

"Eya."

"Basi, mudzakhale mboni kuti munamumva."