Magalasi a Ba Tembo

Zaka zija mafakitale a kuno ku Kafue akadali kuliza saireni m'mawa, ndinapatsidwa udindo woyendera masukulu, ndipo ndinali kamtsikana ndithu, jekete kundikulira. Inu ahedi atsopano mukudandaula kuti aphunzitsi akale sakumverani? Tamvani yanga.

Ananditumiza kusukulu ina ku Shimabala, kumene makolo ankalira kuti ana a kalasi ina sakuphunzira kanthu. Kulowa m'kalasimo, mayo ine! Ndi Ba Tembo, amene anandiphunzitsa kugwira pensulo. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, koma iwo anangoti, "Shani, madamu," kamoni kongodutsa, n'kutembenukira kubolodi. Mtima unandiwawa, ndinati akundinyoza poti ndine mwana. Koma nditakhala kumbuyo ndinaona zilembo zikutsetsereka ngati mizere yolima munthu ataledzera, ana akuponyerana choko, iwo osadziwa. Maso anali atatha.

Ndikanena kuofesi, awachotsa ntchito nthawi yawo isanakwane, ndipo ndikakhala chete, ana aja atayika. Inu masiku ano mumangolemba uthenga pafoni, pyuu wapita, koma ife tinkadziwa kuti wamkulu sumuuza chilema chake pamaso. Loweruka ndinavula jekete lija, ndinamanga chitenje, n'kupita kwawo ku Nangongwe kukaona akazi awo, Amake Daliso. Ndinawapeza akusadzula chibwabwa, masamba a maungu aja, nanenso ndinakhala pansi n'kutengako.

"Amama, batate maso aja..."

"Nidziwa, mwana wanga. Dzulo banathira mchere mu tiyi. Bakana chabe kuchipatala. Nisiyile ine."

Zimene anawauza sindizidziwa mpaka lero, za m'nyumba ya eni sitifunsa. Koma nditabwerera kusukulu kuja ndinapeza magalasi ali pamphuno, zilembo zili chilili, kalasi yonse zii. Ndinagwadanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja.

"Iwe! Si ndiwe Tisa, mwana wa Ba Phiri ba kunjanji, wamene unali kudya masuku mu kalasi yanga? Ndiwe bakutuma kutiyendera?"

Ndinaseka mpaka misozi, ana n'kumadabwa kuti madamu atani. Ba Tembo anaphunzitsa mpaka kupuma ntchito mwaulemu, ndipo ine pa zonse zimene ndinagwira, ija ndiyo imandikomera ndikaikumbuka.

Ndiye ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamkulu akakuyankhani mozizira musathamangire kuofesi, yambani mwafufuza ngati akukuonani n'komwe.