Kamfuti kofooka kamene kanatidyetsa

Okondedwa omvera, ine ndine msodzi wa ku nyanja ya Chiuta. Chaka cha njala chija madzi anaphwa ndipo nsomba zinasowa, koma m'mabango munali abakha ambiri. Ndinagulitsa njinga n'kupita ku Nayuchi kukagula kamfuti ka mpweya koti ndiziyenda nako m'bwato. Ndinasankha kotchipa, kopanda mphamvu zambiri.

Mlamu wanga wochokera ku Balaka anali ndi mfuti yaikulu ya onga. Ataona kamfuti kanga anaseka, nati, "Alamu, mwagula choseweretsa ana?"

"Iyayi, tikaonana padoko," ndinamuyankha.

Mfuti yake inkapha bakha pomwepo. Koma kwathu ambiri ndi Asilamu, ndipo mbalame yofa isanazingidwe amati ndi nyamafu, yosayenera kudyedwa. Abakha ake ankangowayang'ana n'kudutsa. Kanga kankangothyola phiko. Ndinkafika padoko bakha akupumabe, ashehe n'kumuzinga, azimayi n'kumalimbirana kusinthanitsa ndi chinangwa. Ana anga anayambanso kuseka ndi kusewera pabwalo.

Tsiku lina mlamu uja anabwera akukanda mutu: "Alamu, ndibwerekeniko kaja."

Ndinati, "Choseweretsa ana sichibwerekedwa. Gwirani nkhafi muzindipalasira."

Anapalasa mpaka mvula inagwa.