Dothi loyera pa mkono wanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundikhululukire kuti ndaima pamaso pa akuluakulu, ine wosadziwa kuyankhula. Shikola sindinapite nayo patali. Ndine Fernandu wa ku Mualadzi.

Chaka chatha ndinafunsira mbeta Rozita. Ndinayamba kulima m'munda mwa apongozi, kuti aone ngati ndingadyetse mwana wawo. Kupalira kutangoyamba, ndinagwa panjinga, mkono n'kuthyoka. Kuchipatala cha ku Chifunde ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Tete. Kumeneko ndinapeza madotolo akuyesa njira yatsopano. Anajambula mkono wanga, makina n'kuumba chomangira cha pulasitiko, chopepuka, chamabowomabowo ngati dengu. Anandiletsa kugwira khasu.

Kumudzi anandiseka. Alamu anga, achimwene a Rozita, ankafunsa ngati nkhuku zayamba kuikira m'menemo. Ena ankati wothyoka weniweni amabwera ndi jeso, chikhakha chija choyera, cholemera, koma ichi n'chibangili cha mlesi wothawa udzu. Mawuwo anafika kwa apongozi.

Manyazi, abale, manyazi. Ndinakatapa dothi loyera kudambo, n'kumata mabowo onse kuti chioneke ngati jeso. Kenaka ndinanyamula khasu. Ndinkafuna aone kuti ndathyokadi, aonenso kuti ndikulimabe. Mkono unkapweteka, ine n'kumapalirabe.

Tsiku lina mvula inatipeza m'munda. Dothi lija linasungunuka, n'kumayenderera mpaka kuzala, banja lonse likuona. Ndinasowa poyang'ana. Mumtima ndinati basi, Rozita ndamutaya.

Mukudziwa, abale, kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikirana. Koma amayi aja anasiya mzere wawo, anafika pamene ndinaima, nasuzumira m'mabowo muja. Anaona mkono wotupa, utada bii.

"Ikani khasu pansi, bambo," anatero. "Udzu uphukanso chaka chamawa. Nanga mkono?"

Alamu anga omwe aja ndiwo anandikweza pamota, njinga yamoto, kubwerera kuchipatala. Njira yonse sananenenso za nkhuku. Dotolo anandikalipira, ndipo ndinayamba kuchira mwatsopano.

Mabowo amene ndinkabisa, abale, ndiwo Mulungu anapenyetsera apongozi anga. Ndikumuthokoza. Ndikuthokozanso amayi, amene akhala kumbuyoko akuyang'ana pansi.

Lero ndimalima ndi manja onse awiri. Maina athu, ine ndi Rozita, awerengedwa kale m'tchalitchi muno kulengeza ukwati wathu. Chomangira chija anandichotsa Lachitatu la Phulusa, chaka chino.