Seva ya Mayi a Kunyumba

Ine ndayimapo pamizere m'mayiko ambiri, m'mabwalo a ndege ndi m'mabanki akuluakulu, koma izi ndinazimva pamzere wa kasitolo ka makompyuta. Bambo wina wachikulire anali atafungatira kompyuta yakale, ndipo mayi amene anali patsogolo pawo, atanyamula foni yoti akonzetse, anacheuka.

"Agogo, chimakinachi sichikukulemerani?"

"Ndi seva yanga iyi, mwanangu. Ndinailumikiza ndekha, imatumiza nyimbo ndi mafilimu pa TV ndi pafoni nyumba yonse. Koma disiki yosungira zonsezi yayamba kulira ngati wotchi. Ndikufuna ina, ndikoperemo zonse isanafe."

"Mafilimu si mungowapezanso pa intaneti?"

"Awa sapezeka. Mayi a kunyumba anagwidwa ndi matenda oiwala aja, ndiye mafoda sindinawalembe mayina a oimba. Ina ndinalemba 'Akakana Kudya', ina 'Akamalira', ina 'Akandiiwala'."

"Mu 'Akandiiwala' muli chiyani?"

"Kanema wa ukwati wathu basi. Tepi yake inaonongeka kalekale, watsala m'muno mokha."

"Ndiye akaonera amakukumbukirani?"

"Aa, kuti? Amaloza mkwati n'kumati, 'Mnyamatayu ngooneka bwino. Akukwatira ndani?'"

"Inu mumati chiyani?"

"Ndimati, 'Inuyo mayi, mukavomera.' Ndiye amachita manyazi, amaseka, n'kundilola kuwapesa tsitsi."

Mayi uja anapatukira pambali.

"Dutsani, agogo, foni yangayi idikira. Mkwati sachedwa, angamulande mkazi."