Ndowa Imene Ankandinyamulira

Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, amuna anga anagwa n'kumwalira akuchotsa masamba m'ngalande pamashopu ena ku Govan, komwe tonse awiri tinkagwira ntchito yoyeretsa.

Nditabwerera kuntchito maliro atatha, ndinakhuthula madzi okolopera m'ngalande ya panja. Mnzanga wina anandigwira mkono.

"Mayi, imeneyo ndi ya madzi a mvula, imathira mumtsinje. Sopoyo akapha nsomba. Mumayesa bambo ankakulandani ndowa chifukwa chiyani?"

Ine ndinkayesa ankangomvera chisoni msana wangawu. Zaka zonsezo sanandidzudzulepo, ankangonyamula ndowayo n'kukataya madziwo musinki mkati. Ndinalira pomwepo, omvera wailesi anzanga.

Tsopano ndowa ndimanyamula ndekha mpaka kusinki, ndipo aliyense wobwera kumene pantchito ndimamuonetsa ngalandeyo.